Ndinkayesa kuti Lamulo Limatsirika

Nkhani iyi sindinauzepo munthu. Mkazi wanga anamwalira osaidziwa. Kwa ansembe ndaulula zambiri, za mowa, za mkwiyo, ngakhale za mbuzi ya eni imene tinadya pothawa nkhondo, koma ndikafika pa iyi lilime limalemera, ndimangoti zatha, bambo. Ndaganiza zoilemba chifukwa pepala siliyang'ana munthu m'maso.

Kulemba komweku ndinakuphunzira imvi zitamera kale. Ubwana wanga unathera kubusa, unyamata unathera m'misasa ya othawa nkhondo kutsidya kwa malire. Titabwerera kwathu ku Ngauma ndi kutsegulanso minda, patapita zaka, kunabwera sukulu ya akuluakulu. Tinkakhala pansi pa mtengo wa mango masana, ntchito ya kumunda itatha, amayi ambiri, amuna ochepa. Ine ndinkakhala mpando umodzi ndi mnzanga wina, Myao, Msilamu, amene anali gwarda pa kachipatala ka dera lathu. Tinkasekana kwambiri. Iye ankati Chipwitikizi changa chili ngati njinga yopanda mabuleki, chikayamba sichidziwa poima. Ine ndinkati chake chili ngati njinga yopanda tcheni. Koma mumtima ndinkadziona wodziwa. Munthu ukaphunzira mochedwa, timawu tochepa timene watola umatiyesa nkhokwe yodzaza.

Mlongo wanga anasiya mwana mmodzi, wamkazi. Kwathu mwana wa mlongo ndi wa malume, choncho anakulira m'manja mwanga. Fodya wanga ndiye anamuphunzitsa mpaka anakhala namwino, ndipo mwayi unagwa woti anamutumiza pa kachipatala komweko, pafupi ndi mudzi wathu. Mudziwo sindiutchula. Anakwatiwa, anabereka mwana wamkazi, anamanga nyumba ya malata moyandikana ndi yanga. Amayi oyembekezera ankamukonda chifukwa sankakalipa.

Mkulu wa pachipatalapo tinkangomutcha tekiniko. Anali wochokera kutali koma anakwatira m'banja lalikulu la kwathu, munthu wansangala, wosajomba kumaliro. Mvula ikayamba, ana akayamba kutentha thupi, ankatuluka pakhonde n'kunena kuti mankhwala a malungo atha, amene angathe akagule ku Mandimba. Anthu ankapita, n'kukawapezadi pamsika, m'timatumba ta pulasitiki, pakati pa sopo ndi mabatire. Mankhwala ena ankaoloka malire pa njinga za kabaza. Tonse tinkaona makatoni akamabwera, tonse tinkaonanso njinga zimene zinkaima kuseri kwa chipatala. Palibe ankanena. Kwathu munthu wonenera anzake kwa akuluakulu timamutcha bufu. Mawuwa anatsala kuchokera nthawi ya atsamunda ndi ya nkhondo, pamene chala cha mnansi chinkatha kupha munthu. Bola akutche mfiti.

Chaka china mwana wa zaka zoyamba kuyenda anafera m'manja mwa mwana wa mlongo wangayo, mayi wake akadali panjira ndi mapiritsi ochokera ku Mandimba. Patapita masiku anandipeza m'chigafa ndikusoka fodya. Anagwada patali pang'ono monga ankachitira kuyambira ali wamng'ono, ngakhale anali atavala zoyera za ntchito.

"Amalume, ndabwera kudzatsanzika. Ndikupita ku Cuamba kukanena za mankhwala."

"Mandimba ili pafupi. Ukulambalaliranji?"

"Ku Mandimba aliyense ndi mlamu wa wina."

"Mwamuna wako wavomera?"

"Ndamuuza kuti ndikupita kukaonetsa dzino."

"Ndiye tipitira limodzi."

"Ayi, amalume, fodya wanu aonongeka. Ndipita ndekha."

"Unaona kuti mwana akuyankha mlandu malume ake ali m'chigafa? Anthu adzati ulibe kwanu."

Anakana kawiri, kenako anasiya, chifukwa malume sakanidwa katatu. Ndinavala jekete langa la kutchalitchi. Tinakwera minibasi, imene kwathu timati chapa, mpaka ku Mandimba, n'kusinthira ina ya ku Cuamba.

Ofesiyo inali ya boma, yolandira madandaulo otere. Anatilandira mayi wina wa magalasi. Atandiona anafunsa kuti ndine ndani, ndipo atamva anapempha kuti ndidikire panja. Ndinakhala pampando osasuntha. Mwana wa mlongo wanga anamuuza m'Chipwitikizi kuti andisiye, ndi amalume ake amene anamulera, ndipo samva zambiri. Zimenezo ndinazimva bwinobwino. Zinandilasa. Ndinatchera khutu kuti ndidzitsimikizire ndekha kuti ndikumva.

Mayi wa magalasi uja analankhula nthawi yaitali, mofulumira, ndipo zambiri zinandipitirira. Koma mawu awiri ndinawagwira. Oyamba anali akuti "a lei protege", lamulo limateteza. Amenewo ndinkawadziwa, tinawaphunzira pansi pa mango. Mayiyo anati pali lamulo loteteza anthu oulula zoipa ndi mboni, ndipo wonena zoona asaope. Achiwiri anali "sigilo". Anawabwereza kangapo, ndipo nthawi ina anawanena akudinda pepala. Ine ndinati basi, sigilo ndi chidindo. Chidindo cha boma chagwa pa dzina la mwana wanga. Kufunsa ndinachita manyazi, poti anali atanena kale kuti sindimva.

Pano ndiyenera kufotokoza mmene mutu wanga unagwirira nkhaniyi. Kwathu, ngakhale ife opemphera, timadziwa kutsirika. Munthu akatsirika munda wake sabisa. Amamanga kansalu kapena kachigoba pamtengo pooneka, kuti wodutsa aone, aope. Mphamvu ya kutsirika ili poti anthu adziwe. Munda wotsirikidwa mobisa ubedwa ngati wina uliwonse. Ndiye nditamva kuti lamulo limateteza, n'kuona chidindo, ndinkayesa kuti boma lamutsirika. Ndinkayesa kuti womukhudza, dzanja la boma limugwira pomwepo.

Pobwerera, chapa itadzaza matumba ndi nkhuku, anandinong'oneza kuti: "Amalume, izi zitsale pakati pa inu ndi ine." Ndinavomera. Ndinkamva kuti akunena mpaka mlandu uyambe, kuti nyama isadzidzimuke msampha usanafwamphuke.

Fodya atauma kunabwera galimoto. Anthu a boma anatsegula chipinda cha mankhwala, anafunsa mafunso, ndipo pochoka anatenga tekiniko. Ine ndinayembekeza kuti mudzi usangalala. Sizinatero. Banja la mkazi wake linali lalikulu. Anyamata a njinga anataya ulendo umene unkawadyetsa. Wina wolowa m'malo sanabwere msanga, ndipo matenda opitirira namwino anthu ankayenda nawo mpaka ku Massangulo. Pachitsime, pamsika, pobwera kumapemphero, funso linali limodzi: bufu ndani? Chala chinagwera gwarda, mnzanga uja. Ndiye ankagona pakhomo pa chipatala, ndiye ankaona njinga, ndiponso anali atayamba kulemba dzina lake yekha, chinthu chimene anthu ena sankachikonda.

Anandipeza masana ena ndikumanga fodya m'ndindi. Anali ataonda. Anakhala pa chitsa osavula chipewa.

"Achimwene, mwamva kuti ndakwezedwa? Tsopano ndine bufu."

"Ndi Chipwitikizi chanu chopanda tcheni chija? Mukanakanena bwanji?"

Sanaseke. "Dzulo aponya mwala padenga. Mkazi wanga akapita kuchitsime amayi amachotsa ndowa zawo. Kumzikiti munthu amene ndakhala naye mzere umodzi chiyambire anasuntha mkeka. Ine ndalakwa chiyani? Ine ndimangotsegula geti ndi kutseka."

"Zidzatha."

"Zidzatha nditaikidwa. Inu mumayenda ku Cuamba, simunamveko kanthu?"

Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi kuti chinanditsegula pakamwa n'chiyani. Ndimafuna kunena kuti chinali chisoni, ndipo chinalipo. Koma panalinso china. Ndinkafuna wina adziwe kuti ine ndinakhala m'ofesi ya boma, ndinamva Chipwitikizi cha kumeneko, ndipo mwana amene ndinamulera ndi fodya wanga ndiye anagwetsa munthu wamkulu.

"Si inu, achimwene," ndinatero. "Ndi mwana wanga. Ndinamuperekeza ndekha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Namwino?"

"Iyeyo. Ndipo palibe angamukhudze. Lamulo lamutsirika, chidindo ndinachiona ndi maso angawa. A lei protege."

"Ndiye iye ali ndi lamulo," anatero pang'onopang'ono, "ine ndili ndi miyala."

Ananyamuka. Ndinamuuza kuti asafalitse, koma ndinanena mopepuka, ngati munthu wouza mlendo kuti asamale minga panjira.

Sindimuimba mlandu. Anali ndi ana, ndipo ndinali nditamuuza ndekha kuti mwana wangayo sangakhudzidwe. Anakaulula dzina la namwino kwa apongozi a tekiniko kuti chala chichoke pa iye. Chimodzi anandichitira: sananene kuti wamva kwa ine. Anati zamveka kuchokera ku Cuamba komweko. Mpaka anamwalira sanasinthe mawu amenewo, ndipo ine ndi iye sitinakhalenso mpando umodzi. Kusukulu anasiya.

Zimene zinatsatira sizinabwere tsiku limodzi. Poyamba anthu anasiya kupatsa moni mwana wa mlongo wanga uja. Kenako amayi oyembekezera anayamba kuberekera kunyumba, kapena kuyenda mtunda wautali, kusiyana n'kugwiridwa ndi manja a bufu. Mmodzi anataya mwana panjira, ndipo imfa imeneyonso anaiika pa iye. Ana anzake anasiya kusewera ndi mwana wake. Mmawa wina tinapeza nkhokwe yake ili phulusa, chimanga chikufukabe utsi. Ndinaima pamenepo ndikudikira dzanja la boma. Ndikunena zoona, ndinkayang'ana kumsewu. Kunadutsa njinga za makala basi.

Mwamuna wake anapirira pang'ono, kenako anati dzino lija lamuwawa iyenso, n'kubwerera kwawo. Mvula yotsatira isanathe tekiniko anabwera kudzaona apongozi ake, wovala bwino, wonenepa. Anati mlandu ukuyendabe koma iye amupatsa malo kwina. Anandipatsa moni ndi manja awiri.

Mwana wa mlongo wanga anapitanso ku Cuamba, ulendo uno yekha. Atabwera anakhala pakhonde panga, nsapato zili m'manja.

"Akuti lamulo lilipodi, amalume. Akuti limalola kumusamutsa munthu, kumubisa, kumulondera. Koma akuti zimenezo zimafuna galimoto, nyumba ndi anthu, ndipo ndidikire. Mayi uja analumbira kuti dzina langa silinatuluke m'ofesi mwake. Anati chitetezo chachikulu chimene akanatha kundipatsa chinali chomwecho, kuti dzina lisadziwike. Likadziwika, zotsala n'zochepa."

Anaika nsapato zija pansi.

"Ananditsimikizira sigilo," anatero. "Anandiyang'ana m'maso. Tinali atatu m'chipinda muja, iye, ine ndi inu. Ndiye atuluke ndi bodza lotani?"

Anawerenga atatu, n'kuchotsapo awiri osaganiza n'komwe. Malume sakayikiridwa. Ndinali ndi mpata pamenepo, ndipo ndinauona ukudutsa. Ndinati anthu a m'maofesi ndi otero.

Sabata imeneyo ndinatsalira pambuyo kusukulu n'kufunsa aphunzitsi athu tanthauzo la sigilo. Anali mnyamata waulemu. Anati: "Agogo, paja ndinu Akatolika. Zimene mumauza ansembe poulula machimo, angakazinene kunja?" Ndinati ayi, ngakhale atawaika mpeni pakhosi. Anati: "Imeneyo ndiye sigilo." Ndinathokoza. Ndinayenda mpaka kumunda, ndinakhala pamzere, ndipo sindinagwire khasu tsiku limenelo. Lamulo lija silinali kansalu komanga pamtengo kuti anthu aone. Linali ngati mbewu yokwirira, imene imakhala ndi moyo malinga ili pansi. Ine ndinaifukula kuti ndionetse mnzanga.

Mwana wa mlongo wanga anapempha kusamuka, ndipo pepala litachedwa anangochoka, ntchito n'kutha. Anatenga mwana wake n'kupita ku Cuamba. Kumeneko anayamba kugulitsa tomato ndi nsomba zouma pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo mpaka lero ndi zomwezo. Manja amene ankalandira ana akuthamangitsa ntchentche. Nyumba yake ya malata inakhala yotseka mpaka chiswe chinagwetsa mitengo ya denga. Ndinkaiona mmawa uliwonse potuluka. Sanasiye kunditumizira mchere ndi sopo, ndipo mkazi wanga atamwalira anabwera, anakhala kumbali, anthu akumulambalala, n'kulira ngati mwana wobereka.

Chaka chathachi maso anga anayamba kuchita nkhungu, ndipo mwana wa mlongo wangayo anandiitana ku Cuamba kuti akandionetse kuchipatala. Ndinagona kwawo. Mwana wake uja wakula, ndi mphunzitsi pasukulu ina kunja kwa tauni. Madzulo, dzuwa lisanalowe, tinakhala pabwalo, mayi akusankha nyemba. Ndinaona kuti pali nkhani imene anaisiya pakati ine nditafika. Mtsikanayo ndiye anaiyambanso.

"Agogo, tiweruzeni. Kusukulu kwathu kuli mphunzitsi wamkulu amene amaitana atsikana kunyumba kwake nthawi ya mayeso. Wokana amalephera. Mmodzi ali ndi pakati, wasiya sukulu. Ine ndikufuna ndikanene. Amayi akuti ndikatero iwo si mayi anga."

"Ndatero," anayankha mayi wake osadzutsa mutu. "Ukufuna tebulo la tomato pafupi ndi langa? Malo alipo, ntchentche zikwanira tonse."

"Pali lamulo, amayi."

"Ukundiuza ine za lamulo? Ndinalionera pafupi kuposa iwe. Amakupatsa mpando, amakupatsa madzi, amadinda pepala, ukatuluka amagulitsa dzina lako. Ndinali ndi nyumba, ndinali ndi mwamuna, wopusa koma mwamuna."

"Ndiye ana aja azingopita?"

"Ali ndi amayi awo."

"Mwana uja anafera m'manja mwanu analinso ndi amake."

Mayiyo anaika lichero pansi. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Funsa agogo ako. Analipo. Anamva ndi makutu awo mmene mayi uja analumbirira. Amalume, muuzeni. Kodi sanandigulitse?"

Onse awiri anandiyang'ana. Maso anga odwala ankaona nkhope zawo ngati m'madzi, koma ndinkadziwa kuti akudikira. Ndinaona kuti bodza langa silinathere pa nkhokwe ndi nyumba ija. Linali litakula, tsopano likutseka pakamwa pa mwana wina, ndipo atsikana amene sindikuwadziwa n'komwe ndiwo azilipira. Ndinatsegula pakamwa. Ndinaganiza za mchere ndi sopo, za amene adzandigwira dzanja pochokera kuchipatala, za amene adzandiika m'manda. Ndinati:

"Ndakalamba, mayi. Zambiri za tsiku lija ndinaiwala."

"Waona," anatero kwa mwana wake, ngati ndamuvomereza, n'kutolanso lichero.

Mmawa mwake mayiyo analawirira kumsika. Ndinamva mtsikanayo akutulutsa njinga, ndipo ndinamuuza kuti andiyendetse mpaka kumsewu, ndiongole miyendo. Anakankha njinga ndi dzanja limodzi, linalo atandigwira pamkono. Titafika pamphambano ndinaima.

"Mayi wa m'ofesi uja," ndinatero, "sindikhulupirira kuti ananama."

"Nanga dzina la amayi linatuluka bwanji, agogo?"

Ndinati: "Ukaganiza zopita, upite wekha. Usauze mnzako, usauze mwamuna, usauze m'bale. Wina akati akuperekeze chifukwa ndi mwambo, ukane, ngakhale akhale wamkulu bwanji, ngakhale akwiye. Ukabwerako usandiuze ngakhale ine."

Anandiyang'ana, dzanja lake likadali pamkono panga, ndipo ndinamva likulimba pang'ono, kenako likumasuka. Sanafunsenso. Anakwera njinga n'kulowera kusukulu, ine n'kubwerera ndekha, ndikupapasa mipanda ya eni.